Malemu Dr. Daniel Kachamba, Katswiri wa Gitala wa ku Chileka (1947 - 1987)

Pa 6 July chaka chilichonse, ife Amalawi okhala muno mu Glasgow ndi madera ozungulira timasonkhana kukumbukira tsiku limene mbendera ya atsamunda idatsitsidwa ndipo yathu ya dzuwa lotuluka idakwezedwa m'chaka cha 1964. Pa tsiku lotere maina amene amatchulidwa kawirikawiri ndi a atsogoleri a ndale ndi a mipingo, ndipo n'koyenera kutero. Komatu dziko silimangidwa ndi zoyankhula za pa nsanja zokha. Pamene akuluakulu ankakambirana za malamulo ku Zomba ndi ku London, m'misika ndi m'misewu mudali anthu ena amene ankapatsa dziko latsopanolo nyimbo zoti liziyimba ndi kuvina. Mmodzi mwa anthu amenewa adali malemu a Daniel Kachamba a ku Chileka, m'boma la Blantyre.

Ndasankha kulemba mbiri yawo pa chifukwa chimene chikutikhudza ife amene tili kuno. A Kachamba adakhalako kunja kwa dziko ali mwana, monga momwe ana athu akukhalira lero lino. Makolo awo adapita kukafuna ntchito, monganso tidachitira ife. Koma banjali silidatchone, ndipo zimene mwanayo adatola kuchilendo adabwera nazo kumudzi n'kuzisandutsa chuma cha Amalawi onse.

Kubadwa ndi ubwana wawo

A Daniel James Kachamba adabadwira ku Limbe m'chaka cha 1947, dziko lathu likutchedwabe Nyasaland. Limbe wa masiku amenewo adali tauni ya sitima ndi fodya. Likulu la njanji lidali komweko, kampani ya fodya ya Imperial Tobacco idalinso komweko, ndipo anthu ochokera ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ngakhalenso ku Mozambique ankakhamukirako kukasaka ntchito. Kumudzi kwa banjali kudali kwa Singano ku Chileka, kufupi ndi bwalo la ndege, mtunda wa makilomita pafupifupi 16 kuchokera mu mzinda wa Blantyre.

Bambo awo, a James Kachamba, adali woyimba gitala. Iyi idali nthawi imene gitala ndi banjo zidali zitangofala kumene m'midzi ya m'chigawo cha kum'mwera. Asilikali a KAR amene adakamenya nkhondo yachiwiri ya pa dziko lonse ku Ethiopia ndi ku Burma adabwerako atamva nyimbo za mitundu ina, ndipo amuna ochokera ku migodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia ankafika m'mudzi ndi galamafoni, mbale za nyimbo, ena gitala ili pa phewa. Ku Chileka kudabadwa kayimbidwe ka gitala ka komweko m'zaka za m'ma 1950, kamene pambuyo pake a Moya Aliya Malamusi, mwana wa m'deralo, adakafufuza ndi kukalemba. Choncho a Daniel adakula akuona zala za bambo awo zikuyenda pa nsambo. Patapita zaka zingapo mudabadwanso m'banjamo mng'ono wawo, a Donald, amene dzina lawo silingasiyanitsidwe ndi la akulu awo pa mbiri ya nyimbo za ku Malawi.

Zaka za ku Salisbury

M'chaka cha 1953 atsamunda adalumikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia m'chitaganya chimene Amalawi ambiri adachikana kwa mtu wa galu. Mafakitale ndi chuma zidaunjikana ku Southern Rhodesia, pamene kwathu kudasanduka nkhokwe yotapako antchito. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 banja la a Kachamba nalo lidasamukira ku Salisbury, mzinda umene lero ukutchedwa Harare. Apo n'kuti a Daniel ali ndi zaka pafupifupi khumi.

Kumeneko adapeza nyimbo za kwela zili m'kamwam'kamwa. Kwela idabadwira m'makomboni a anthu akuda ku Johannesburg. Anyamata osauka amene ankamva mabandi akuluakulu a jazi a ku America pa galamafoni ndi kuwaonera m'makanema sakadatha kugula malipenga, kotero adatenga kachitoliro kachitsulo kotsika mtengo, ka mabowo 6, n'kuyamba kuyimbira zomwe malipenga aja ankayimba. Dzina lakuti kwela si lachilendo m'makutu mwathu, pakuti ndi liwu lomwe lija lakuti kwera, ndipo ku Joni anthu ankatchulanso galimoto ya apolisi yonyamula omangidwa kuti kwela-kwela. Akatswiri ake adali anthu monga Spokes Mashiyane ndi Lemmy Special Mabaso. M'chaka cha 1958 nyimbo ya kwela yotchedwa Tom Hark, ya gulu la Elias and His Zig-Zag Jive Flutes, idafika pa nambala 2 pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri kuno ku Britain. Mwina ena mwa agogo amene timawasamalira m'zipatala ndi m'nyumba za okalamba muno adaivinako ali achinyamata.

Kuchokera ku Joni, kwela idakwera sitima pamodzi ndi antchito n'kufika ku Bulawayo ndi ku Salisbury. Sukulu ya ana a Kachamba pa nyimbo idali khutu lawo. Ankamvetsera mbale, ankaonerera anyamata akuluakulu akuyimba m'misewu, n'kumakayeserera kunyumba. A Daniel adagwira gitala, ndipo a Donald, akadali kamwana, adagwira chitoliro. Akuluakulu adanena kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo pa ana awiriwa mwambiwu udapherezera.

Kubwerera kumudzi ndi kuyambitsa bandi

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 banjali lidabwerera ku Chileka. Lidapeza dziko likusintha. Dr. Banda adali atabwera mu 1958, chipwirikiti cha mu March 1959 chidali chitadutsa, ndipo chitaganya chija chidatha pa 31 December 1963. Tsiku la ufulu litafika, a Daniel adali mnyamata wa zaka 17. M'zaka zimenezi ndi m'mene iwo ndi mng'ono wawo, pamodzi ndi anyamata ena a m'mudzi, adakhazikitsa gulu limene lidadziwika ndi dzina lakuti Kachamba Brothers Band.

Gululi lidalibe bwana, lidalibe kampani yolithandiza, ndiponso lidalibe chida chilichonse chofuna magetsi. Zida zake zidali zinayi basi: gitala, chitoliro, maseche, ndi besi ya nsambo imodzi. Besi imeneyi ankaipanga okha. Ankatenga bokosi lamatabwa longa lija lolongedzamo tiyi, n'kumangirira chingwe pakati pake, nsonga ina ya chingwecho n'kuimanga pa ndodo yoimika m'mbali mwa bokosilo. Woyimba akakoka ndodo chingwe chinkakungika ndipo liwu linkakwera, akaibweza chinkakhwefuka ndipo liwu linkatsika. Ndi luso lokhalo mnyamata ankatulutsa mawu onse ofunika pa nyimbo.

Apa pali chinthu chimene chingatidabwitse ife a mu Glasgow. M'zaka zomwezo za m'ma 1950, kuno ku Britain kudabuka kayimbidwe kotchedwa skiffle, kamene mfumu yake idali Lonnie Donegan, wobadwira ku Bridgeton mu mzinda uno m'chaka cha 1931. Achinyamata a kuno, amenenso m'matumba mwawo mudali mopepuka nkhondo itangotha, ankayimba nyimbo za blues ndi za anthu wamba a ku America pogwiritsa ntchito gitala yotchipa, thabwa lochapirapo zovala, ndi besi ya bokosi la tiyi. John Lennon adayambira m'gulu lotere asadakhale wa The Beatles. Tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje ankabwera kuno m'mabokosi onga omwewo. Mnyamata wa ku Chileka ndi mnyamata wa ku Glasgow sankadziwana, koma umphawi udawaphunzitsa nzeru imodzi.

Bwalo lawo lidali msewu

Kuti timvetse kukoma kwa bandi ya a Kachamba tiyenera kukumbukira malo amene inkayimbira. Holo yawo idali khonde la sitolo, mphepete mwa msika, bwalo la mowa, phwando la ukwati. Kudalibe matikiti, kudalibe zikwangwani zolengeza, kudalibe zokuzira mawu. Anyamatawa ankafika pamalo, n'kukhazika bokosi lija pansi, gitala n'kuyamba kulira. Anthu odutsa ankaima mmodzimmodzi mpaka bwalo kupangika, ndipo amene nyimbo yawafika pamtima ankafupa ndi makobiri, matiki kapena sheleni, poti ndalama ya kwacha ndi tambala idayamba mu 1971.

Kuyimba pa msewu ndi mayeso ovuta kuposa kuyimba mu holo. Munthu amene walipira pakhomo amakhala pansi ngakhale nyimbo isamukomere, koma wodutsa pa msewu ali ndi kopita, ndipo ukangozizira pang'ono amapitiriza ulendo wake. Ichi n'chifukwa chake nyimbo za a Kachamba zimayamba ndi moto pomwepo, popanda kuzungulira. Kusowa kwa zokuzira mawu kudabalanso luso lina. Oyimba kwela sankaika chitoliro pa milomo mowongoka monga amachitira ana a sukulu, koma ankachilowetsa m'kamwa mopendeka cha kutsaya. Potero liwu linkatuluka lalikulu, lonenepa, ndipo ankatha kulipinda kuti lilire ngati munthu wodandaula. A Donald adali kadaulo pa zimenezi akadali wamng'ono kwambiri.

A Daniel ndiwo adali mtsogoleri, woyimba mawu, ndiponso wopeka nyimbo. Gitala yawo inkagwira ntchito ya ng'oma ndi ya nyimbo nthawi imodzi. Chitoliro chinkauluka pamwamba, besi inkagunda pansi, maseche n'kumasunga mayendedwe a phazi la wovina. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pa zida zinayizi chimodzi chikadachokapo nyimbo ikadapunduka.

Kukumana ndi mlendo wa ku Vienna

Kumayambiriro kwa chaka cha 1967, katswiri wofufuza za nyimbo ndi chikhalidwe wochokera ku Vienna m'dziko la Austria, a Gerhard Kubik, adakumana ndi anyamatawa akuyimba mu mzinda wa Blantyre. A Kubik adali atayenda kale m'maiko ambiri a mu Africa, adali ataphunzira kuyimba mangolongondo a ku Uganda, ndipo iwo eni adali woyimba jazi pa unyamata wawo. Choncho atamva gululi adazindikira msanga kuti sadali masewera a ana. Adajambula nyimbo zawo pa tepi ndi pa kanema, adakafika kumudzi kwa Singano, ndipo ubale umene udayamba chaka chimenecho udapitirira kwa moyo wonse wa abale awiriwa.

Pa nthawiyo akatswiri ambiri a ku Ulaya ankafuna nyimbo za ng'oma ndi magule a makolo zokha, ndipo nyimbo za gitala ankaziona ngati zongokopera kwa azungu. A Kubik adatsutsa maganizo amenewa. Adaonetsa kuti ngakhale gitala ndi chitoliro zidachokera kunja, kamangidwe ka nyimbo za a Kachamba, kayendedwe kake kobwerezabwereza ngati ka mtondo, ndi kalukidwe ka mawu a zida zosiyanasiyana, zonsezi zidali za kwathu. M'chaka cha 1974 buku lawo lotchedwa The Kachamba Brothers' Band lidasindikizidwa m'Chingerezi kudzera ku University of Zambia ku Lusaka. Taganizani, abale anga, buku lathunthu lonena za anyamata oyimba m'misewu ya Blantyre, pa nthawi imene anthu ambiri kwathu ankaona woyimba gitala ngati munthu wosowa chochita.

Matepi a a Kubik adakasungidwa ku Phonogrammarchiv ku Vienna, nyumba yosungiramo mawu ojambulidwa imene idakhazikitsidwa mu 1899 ndipo ndi yakale kuposa zonse za mtundu wake pa dziko lapansi. Kumeneko mawu a anyamata a ku Chileka adapeza malo pakati pa nyimbo za mitundu yonse ya anthu.

Kayimbidwe kawo

A Daniel sadakhalire kwela yokha. Khutu lawo linkatola chilichonse chodutsa, ndipo chilichonse chimene adatola chinkatuluka chitavala malaya a ku Chileka. Ankayimba sinjonjo, saba-saba, simanje-manje wochokera ku Joni, twisti, komanso lumba, imene ndi rumba ya ku Congo ndi ku Kenya monga momwe lilime lathu lidaitchulira. Imodzi mwa nyimbo zawo zodziwika kunja ndi Dolosina Lumba. Poyimba paokha ankagwiritsa ntchito chala chachikulu ndi chala cha mkombaphala basi. Chachikulu chinkayenda pa nsambo zonenepa ngati besi, chinacho n'kumatola nyimbo pa nsambo zing'onozing'ono, kotero kuti womvera pa wailesi ankayesa kuti akuyimba anthu awiri. Adalinso ndi njira zingapo zokungira nsambo, iliyonse ndi dzina lake, malinga ndi mtundu wa nyimbo.

Padalinso kayimbidwe kotchedwa hauyani, dzina lochokera ku zilumba za Hawaii, kamene a Ndiche Mwarare adatchuka nako kwambiri kwathu. Pa hauyani woyimba amagoneka gitala pa miyendo n'kumatsetsereza botolo pa nsambo kuti gitala ilire ngati ikubuula. A Daniel ankakadziwa kayimbidwe kameneka. Oyimba blues a ku Mississippi, zidzukulu za akapolo ochokera ku Africa, ankachita chimodzimodzi ndi khosi la botolo kapena mpeni. Pamene a Kubik adalemba buku lawo la Africa and the Blues m'chaka cha 1999, adali atakhala zaka zoposa 30 akumvetsera ndi kuyimba limodzi ndi anthu a ku Chileka.

Ubale wa nyimbo za a Kachamba ndi blues suli pa zala pokha. Uli pa zimene nyimbozo zimakamba. Blues ndi nyimbo ya munthu mmodzi wofotokoza mavuto ake pa gulu, ndipo a Daniel ankachita zomwezo. Ankayimba za imfa, za umasiye, za chikondi chosalongosoka, za miseche ndi kaduka ka m'mudzi, za kusungulumwa kwa munthu wa paulendo. Chodabwitsa n'chakuti mawu achisoniwo ankawakweza pa nyimbo yovinika, moti munthu ankatha kuvina thukuta kamukamu kwinaku mtima ukumuwawa. Ife amene tidaonapo amayi akuyimba pa mtondo sitingadabwe nazo, chifukwa kwathu dandaulo limaperekedwa ntchito ili mkati. Nyimbo zambiri zidali m'Chichewa, koma ankaponyamonso mawu a ziyankhulo zina zimene adazimva m'maulendo awo.

Maulendo a kunja

M'chaka cha 1972 zitseko zidatseguka. Abale awiriwa adakayimba ku Nairobi m'dziko la Kenya kudzera ku bungwe la chikhalidwe la dziko la Germany lotchedwa Goethe-Institut, ndipo adafikanso ku Ulaya. Anyamata amene adazolowera kuyimbira anthu oima pa fumbi tsopano adayimbira anthu okhala pa mipando, achete, oomba m'manja nyimbo ikatha. Kumeneko kayimbidwe ka a Daniel ka paokha kadajambulidwa pa kanema mwa ukatswiri, kuti ofufuza athe kuona bwinobwino m'mene chala chilichonse chikuyendera. Makanemawo adalowa m'nkhokwe ya makanema a maphunziro ya Encyclopaedia Cinematographica ku Göttingen, ndipo mu 1976 a Kubik adalemba nkhani yowafotokoza m'magazini ya akatswiri a jazi.

Kwathu anthu adayamba kuwatchula kuti Dr. Daniel Kachamba, ndipo dzinali lidakhazikika mpaka lero. Ife a ntchito za chipatala tikamva liwu lakuti dokotala timaganiza za munthu wa chovala choyera, koma awa adali dokotala wa gitala, ndipo palibe Mmalawi amene adamva zala zawo n'kutsutsa ulemu umenewu.

M'zaka zotsatira abale awiriwa adayamba kuyenda aliyense njira yake. A Donald adakhala ndi gulu lawolawo la kwela, limene a Kubik adalowamo ngati woyimba, ndipo lidayenda m'maiko ambiri a mu Africa, ku Ulaya ndi ku America. A Daniel adapitiriza kupeka ndi kuyimba, nthawi zina ndi gulu, nthawi zambiri paokha ndi gitala yawo.

Moyo wa woyimba kumudzi

N'zomvetsa chisoni kuti kutchuka sikudabwere ndi chuma. Masiku amenewo ku Malawi kudalibe makampani akuluakulu ojambula ndi kugulitsa nyimbo monga adaliri ku Johannesburg kapena ku Nairobi. Nyumba youlutsira mawu ya MBC, imene idayamba mu 1964, ndiyo idali wailesi yokhayo m'dziko lonse, ndiponso ndiyo inkajambula oyimba ambiri. Nyimbo ikalowa kumeneko inkamveka kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, koma mwini wake ankatsala ndi dzina lokha. Bungwe la COSOMA, lotolera ndalama za oyimba ndi alembi, lidakhazikitsidwa mu 1992 potsatira lamulo la mu 1989. Zonsezi zidachitika a Daniel atapita kale.

Chinanso ndi ichi. Wailesi ya kanema idayamba ku Malawi m'chaka cha 1999. Izi zikutanthauza kuti ophunzira a ku Germany ndi ku Austria ankatha kukhala pansi n'kuonerera zala za a Kachamba pa kanema kuyambira m'zaka za m'ma 1970, pamene Mmalawi wa ku Mzimba kapena ku Mchinji, amene ankaimba nawo nyimbozo pa wailesi, sadaone nkhope yawo n'kamodzi komwe pokhapokha atakumana nawo maso ndi maso. Chuma chathu chidasungidwa bwino, koma chidasungidwa kutali ndi eni ake.

A Daniel Kachamba adamwalira pa 25 July 1987, ali ndi zaka pafupifupi 40 zokha. Ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. Pa msinkhu umenewu oyimba ambiri amakhala atangofika kumene pachimake, ndipo aliyense angathe kuganiza yekha nyimbo zimene zidapita nawo kumanda. M'chaka chomwecho ku Zomba kudasindikizidwa buku la Malawian Music: A Framework for Analysis, limene a Kubik adalemba mothandizana ndi a Moya Aliya Malamusi, a Lidiya Malamusi ndi a Donald Kachamba. Ana a kwa Singano adali atasanduka ofufuza ndi alembi a nyimbo za dziko lawo.

Zimene adatisiyira

Mbewu imene a Daniel adadzala sidafe. Mu 1992 nthambi ya zaluso ya ku Chancellor College idatulutsa kaseti yowakumbukira. Mu 1995 kampani ya ku America ya Vestapol idatulutsa kanema wa African Guitar, wa zimene a Kubik adajambula m'maiko osiyanasiyana, ndipo a Daniel ali momwemo pamodzi ndi akatswiri ena monga Mwenda Jean Bosco wa ku Congo. A Donald adaitanidwa kukaphunzitsa ku yunivesite ya UCLA ku Los Angeles kumapeto kwa chaka cha 1999, ndipo adamwalira mu January 2001. Anzawo ndi ophunzira awo adapitiriza gululo pa dzina la Donald Kachamba's Kwela Heritage Jazz Band. A Malamusi, amene adayamba kutsatira bandiyi ali kamnyamata, adaphunzira mpaka kukhala dokotala wa maphunziro a chikhalidwe, ndipo adakhazikitsa malo osungirako nthano, nyimbo ndi zipangizo za makolo komweko ku Chileka.

Njira ya oyimba odziimira paokha, opanga okha zida zawo, idayendedwanso ndi ena. A Allan Namoko a ku Thyolo, amene adali osaona, adagwedeza dziko ndi banjo yawo ndi gulu la Chimvu River Jazz Band mpaka imfa yawo mu 1995. Tiyenera kunyadira kuti chimbale chawo cha Ana Osiidwa chidatulutsidwa mu 1992 kuno ku Scotland ndi kampani yaing'ono ya Pamtondo ya Dr. John Lwanda, Mmalawi mnzathu. Ichi ndi chitsanzo chakuti munthu wokhala kunja angathe kupulumutsa chuma cha kumudzi. M'zaka zaposachedwa gulu la Madalitso Band, limene lidayambira m'misewu ya Lilongwe ndi gitala ya nsambo zinayi ndi babatoni ya nsambo imodzi, layimba pa zisangalalo zikuluzikulu za ku Ulaya. Amene amadziwa mbiri akaliona amakumbukira bokosi lija la ku Chileka.

Papita zaka zoposa 35 a Daniel Kachamba atatisiya. Ine ndidabadwa iwo atamwalira kale, ndipo ndidawadziwira pa wailesi ya bambo anga, pamene nyimbo zakale zinkaulutsidwa ife ana tikudandaula kuti tikufuna za makono. Ana athu obadwira kuno alibe ngakhale mwayi wodandaula chotero, chifukwa m'nyumba zathu zambiri nyimbo zimenezi sizimveka n'komwe. Timachoka m'mamawa kapena usiku kupita kuntchito, timabwerako titatopa, ndipo mwana amakula akudziwa oyimba a dziko lililonse kupatula lake. Komatu lero zinthu zapepuka. Zimene kale zidatsekeredwa ku Vienna ndi ku Göttingen, zina mwa izo zikupezeka pa intaneti, ndipo mwana angathe kuona zala za a Kachamba pa foni ya m'manja ali khale pa mpando.

Tsono pempho langa pa chikondwerero cha ufulu chino ndi laling'ono. Tikabwerera kunyumba, tiyeni tiwaikire ana athu nyimbo imodzi ya a Kachamba, tiwauze kuti woyimbayo adalinso mwana wa kuchilendo ngati iwo, wophunzira chiyankhulo cha eni dziko ndi nyimbo za eni dziko, koma wodziwa kwawo. Ena mwa ana athuwa akuphunzira gitala ndi vayolini m'sukulu za muno, ena akuyimba m'makwaya, ena ayambitsa timagulu tawo ndi anzawo a Chisikotishi. Tisawaletse. Makolo a Kachamba akadaletsa ana awo kumvera kwela ya ku Salisbury, bwenzi Malawi alibe Dr. Daniel Kachamba. Koma akadapanda kuwasungira Chichewa ndi njira ya kwa Singano, bwenzi nyimbozo zili za dziko lina. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Mzimu wa malemu a Daniel Kachamba, pamodzi ndi wa mng'ono wawo a Donald, uuse mumtendere.